Kalolaine ndi Mawu Amapasa

Kalolaine Fifita anabadwira pa kachilumba kena ka ku Ha'apai, ku Tonga, dziko la zilumba pakati pa nyanja yamchere, m'banja la ana ambiri. Sukulu anailekezera panjira, chaka chimene mayi ake anagwa n'kuthyoka chiuno. Alongo ake anapitiriza maphunziro, iye n'kutsala pakhomo: kusambitsa mayiwo, kuwatembenuza pamkeka kuti asatuluke zilonda, kudyetsa nkhumba, ndi kuluka mikeka. Chingerezi chimene anali nacho chinali cha m'makutu. Anachitola pa wailesi ndi kwa alendo obwera pamaboti kudzaona anamgumi. Kulankhula ankalankhula bwino, mpaka kuseketsa nacho anthu, koma mmene chimaonekera papepala sankadziwa kwenikweni.

Anakwatiwa ndi Penisimani, mwamuna wamtali woseka mokweza, amene aliyense amangomuti Peni. Mayi ake a Kalo atamwalira, awiriwo anabwera kuno ku Mildura, tauni ya minda ya zipatso kutsidya kwa nyanja, ali ndi mwana wakhanda, Lose. Kwa zaka zambiri ankathyola mphesa nthawi yotentha, malalanje nthawi yozizira. M'munda palibe amene amakufunsa kalembedwe ka mawu. Amangoona ngati bokosi ladzaza. Koma mawondo a Kalo anayamba kukana, ndipo mnzake wa kutchalitchi anamupezera ntchito yochapa zovala kunyumba ina yosungira okalamba.

Kochapirako sanakhalitseko. Kunali nkhalamba ina yaimuna imene inkakana kusamba, n'kumaponyera osamalira sopo ndi nsapato. Tsiku lina Kalo akudutsa ndi dengu la mathaulo anamva phokosolo, analowa, nakhala pabedi pambali pa nkhalambayo. Anayamba kuifunsa za nkhosa zimene inkaweta kale, kwinaku akuivula masokosi. Pomwe nkhani ya nkhosa inkatha, munthuyo anali atasamba. A Colleen, oyang'anira nyumbayo, anaona zonsezi ataima pakhomo.

“Manja amenewa tikuwawonongera m'makina ochapira,” anatero.

Choncho Kalo anakhala wosamalira okalamba. Ntchito yonse ankaidziwa kuyambira ali mtsikana, kupatula chinthu chimodzi. Poweruka, aliyense ankayenera kukhala pakompyuta n'kulemba mmene okalamba ake aswerera: wadya chiyani, wamwa mankhwala ati, wadandaula chiyani. Anzake ankangogogoda kamphindi n'kunyamuka. Kalo ankatuluka thukuta, akufunafuna zilembo ndi chala chimodzi. Mawu olakwika kompyuta inkawadula kamzere kofiira pansi, iye n'kukonza. Koma panali mawu ena amene iye ankawatcha amapasa, omveka chimodzimodzi koma olembedwa mosiyana. Amenewo kompyuta inkangowalekerera, poti onse ndi mawu enieni.

Kunyumba, Lose, yemwe tsopano anali kusekondale ndipo Chingerezi anakulira nacho, ankafa ndi phwete akalandira uthenga wa mayi ake pafoni.

“Amayi, mwalemba kuti ndigule meet. Ndigule msonkhano? Nyama ndi meat.”

“Wamva kapena sunamve?”

“Ndamva.”

“Ndiye ukutaya nthawi ndi chiyani? Pita, asanatseke.”

M'chipinda chakumapeto kwa khonde munkakhala mayi Thelma, mayi wowonda wa tsitsi loyera mbee, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito kunyuzipepala, kuwerenga nkhani zisanasindikizidwe n'kumachotsa zolakwika. Anapuma kalekale, koma cholembera chofiira sanachisiye. Chidziwitso chilichonse chomatidwa pakhoma ankachikonza. Osamalira ambiri ankawathawa chifukwa cha pakamwa pawo. Kalo sankawaopa. Ankamukumbutsa azakhali ake a ku Ha'apai, ndipo Mtonga aliyense amadziwa kuti azakhali sayankhidwa, amangosamalidwa.

M'mawa wina Kalo anawapatsa mankhwala awo m'kakapu. Mayi Thelma anameza mibulu yonse, koma kam'bulu kamodzi koyera anakakankhira pambali ndi chikhadabo.

“Aka ayi.”

“Bwanji mayi? Kakuwawani?”

“Ndati ayi. Sindine mwana. Kalembeni kuti ndakana.”

Anakakulunga m'kapepala n'kukaponya m'bini. Kalo anapita kuti akauze namwino, koma anamupeza ali kalikiliki ndi nkhalamba ina imene inagwa kubafa. Anati basi, ndilemba, awerenga. Poweruka analemba kuti mayi Thelma amwa mankhwala awo, kenaka anafuna mawu otanthauza “kupatula”, amene ndi except. Chala chake chinalemba accept, kutanthauza “kulandira”. M'makutu mwake awiriwo anali mawu amodzi. Kamzere kofiira sikanabwere. Namwino, yemwe ankayang'anira mbali yonse ya nyumbayo ali yekha, anawerenga mothamanga n'kumva kuti mayiwo amwa zonse, ngakhale koyera kaja alandira.

Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja wake. Kalo ankalemba mawu omwewo, akudabwa pang'ono kuti palibe amene akufunsa, koma n'kumaganiza kuti anamwino akudziwa zimene akuchita. Masiku amene Kalo sanali pantchito, mayi Thelma ankabisa kam'buluko m'tsaya n'kukalavula wosamalira akatuluka. Kalo yekha ndi amene ankamukanira poyera.

Sabata yotsatira anawapeza m'mawa atakhala tsonga pabedi, akubanika, milomo itada, miyendo itatupa ngati mitsamiro. Kam'bulu kaja kanali kochotsa madzi m'thupi kuti mtima usalemedwe. Ambulansi inawatenga. Kalo anatsala pakhomo atagwira kajuzi kawo kamene anaiwala kuwaveka.

Masana a Colleen anamuitanitsa. Anali atasindikiza zolemba zake, mawu amodzi atazungulizidwa.

“Kalo, tandiwerengere apa.”

Anawerenga.

“Umatanthauza chiyani?”

“Kuti koyera kaja sanamwe. Ndalemba tsiku lililonse. Sanamwe.”

A Colleen anavula magalasi n'kudzisisita m'maso. Sanakalipe. Anamufotokozera kusiyana kwa mawu awiriwo pang'onopang'ono, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunamupweteka kwambiri. Anati cholakwa si cha iye yekha: namwino anayenera kufunsa, ndipo nkhani ya kukana mankhwala imanenedwa pakamwa, osati kungoilemba. Komabe malamulo ndi malamulo. Kalo abwerere kochapira mpaka atachita maphunziro a kaperekedwe ka mankhwala ndi kukhoza mayeso ake olemba.

Anaweruka, nalowa m'galimoto, nalira mpaka mphuno kutseka. Kunyumba anapeza Peni akusenda chinangwa.

“Kwagwanji, mayi a Lose? Wamwalira wina?”

“Ndatsala pang'ono kupha munthu. Ndi chala ichi.”

Atamva nkhani yonse, Peni anaika mpeni pansi.

“Mphesa zilipo,” anatero pomaliza. “Ndikawauza abwana akupatseni ntchito yolongedza, yokhala pansi. Kumeneko palibe zolemba.”

Lose anamva ali kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuseka mauthenga a mayi ake, ndipo Kalo anazindikira, n'kuchita manyazi koposa. Lamulungu sanapite kukaimba kwaya. Anauza anzake kuti ali ndi chimfine.

Kochapira anabwerera ndithu, poti sanafune kuchoka asanamve za mayi Thelma. Kunkatentha, makina akulira tsiku lonse, ndipo zimenezo zinamukomera chifukwa panalibe wolankhula naye. Anamva kuti mayiwo atuluka m'chipatala, koma kuchipinda kwawo sanayandikire.

Tsiku lina chitseko chinatseguka ndi chitsulo choyendera okalamba, kumbuyo kwake kuli mayi Thelma, atawonda kuposa kale, akupuma wefuwefu.

“Ndiye mwabisala kuno.”

“Mayi! Kuno saloleza. Mugwa.”

“Ndikagwa mundidzutsa. Ndipatseni mpando. Amene akundisambitsa masiku ano manja ake ndi ozizira ngati nsomba.”

Kalo anawakhazika, kenaka anagwada pansi pa simenti monga amachitira kwawo popepesa wamkulu. Mayi Thelma anamuyang'ana kanthawi.

“Dzukani, mawondo anuwo ndimawamva kulira ndili kuchipinda. Andionetsa zimene munalemba. Inu munanena zoona tsiku lililonse. Amene anakana mankhwala ndi ine.”

“Koma munkakaniranji, mayi?”

Mayiwo anayang'ana makina ozungulira aja.

“Kamandikodzetsa,” anatero motsitsa. “Ndikamwa, sipatenga nthawi. Ndikaliza belu, onse ali otanganidwa, pofika munthu ine ndadzinyowetsa kale. Kenaka kamtsikana kosaposa mdzukulu wanga kazindisintha n'kumati musadandaule agogo. Ndinaona kuti bola kutupa.”

“Mukanandiuza! Mayi anga ndawasintha zaka ndi zaka. Ndi chinthu chochitira manyazi chimenecho?”

“Inunso mukanandifunsa kalembedwe. Chipinda changa mumalowa tsiku lililonse, cholembera chofiira chili poteropo.”

Anayang'anana. Kalo ndiye anayamba kuseka, misozi ili m'masaya.

Sukulu yawo inayambira pamenepo. A Colleen anavomera kuti mayi Thelma azipita kochapira masana kukathandiza kupinda mathaulo, ati n'kolimbitsa manja. Mathaulowo ankapindidwa mokhota, Kalo n'kumawapindanso mayiwo akachoka. Poyamba mayi Thelma anabwera ndi malamulo a m'mabuku: awa ndi mneni, awa ndi dzina, awa anachokera ku Chilatini. Kalo ankagwedeza mutu mwaulemu, mawa lake zonse zitauluka.

“Mutu wakowu ndi sefa?” Tsopano anali atayamba kumuti iwe.

“Si sefa, mayi. Mawu anuwa alibe chogwirira. Dengu lopanda chogwirira ndinyamula bwanji?”

“Ndiye apangire chogwirira wekha.”

Anayamba ndi amene anamugwetsa aja. Kalo anayang'anitsitsa except papepala, n'kuloza x.

“Agogo anga ankapingasa timitengo tiwiri chonchi pansi pa mtengo wa kokonati umene sankafuna kuti ana tikwere. Kwerani yonse, kupatula uwu.”

“Basi. Ukafuna kupatula, pingasa timitengo.”

Lose ndi loose sizinavute n'komwe. Kalo ataona lose, kutanthauza kutaya, anaomba m'manja.

“Ili ndi dzina la mwana wanga! Kwathu timatchula Lo-se, ndi duwa. Ali wamng'ono anzake ankamuseka kusukulu kuti dzina lake ndi kuluza, ankabwera akulira. Ndiye ndigwira chonchi: mwana ndili naye mmodzi, o wake ndi mmodzi, sindifuna kumutaya.”

“Nanga loose, chinthu chokhwepa?”

“Ameneyo ali ndi ma o awiri, malo ambiri. Ndi diresi lanu ili, mmene mwawondera. Tikhoza kulowamo tonse.”

“Mwano,” anatero mayi Thelma, koma akudziletsa kuseka.

Ena anali ouma mutu. Quiet ndi quite anamuzunza nyengo yonse yozizira: ankafuna kulemba kuti nkhalamba yaswera chete, n'kulemba mawu otanthauza “ndithu”. Their ndi there ankawakhoza Lolemba n'kuwalakwa Lachinayi. Affect ndi effect anawalephereratu. Mayi Thelma anafotokoza, anajambula, anakalipa, mpaka tsiku lina anaponya thaulo pansi.

“Asiye amenewo. Akonzi anga kunyuzipepala, a madigiri awo, ankawalakwa mpaka kupuma ntchito. Ukawaona akubwera, khota. Nena njira ina.”

Chimene chinamutsitsa mtima kwambiri Kalo chinali bolodi la kuchipinda chodyera. Darren, wophika, mwana wobadwira konkuno amene sadziwa chilankhulo china chilichonse, ankalembapo chakudya cha tsikulo ndi choko. Mayi Thelma anamukokera Kalo pomwepo.

“Werenga pansipo.”

“Desert. Zotsekemera za pambuyo pa chakudya.”

“Zotsekemera ndi dessert, ma s awiri. Apa walemba chipululu. Chibwerereni kuno ndakhala ndikudya chipululu madzulo aliwonse, nthawi zina chothira kasitadi.”

Darren anasuzumira pawindo la kukhitchini, chipande chili m'manja.

“Mukadandaula, agogo, mawa ndikupatsani mchenga weniweni.”

“Sungasiyane kwambiri ndi keke yako ya dzulo.”

Kalo anaseka mpaka kugwira khoma. Zaka zonsezi ankaganiza kuti amapasa aja amasokoneza iye yekha, chifukwa chosiya sukulu.

Tsiku lina anabwezera. Mayi Thelma anali atanena kuti chilankhulo cha Kalo chiyenera kukhala chophweka, poti chimalembedwa mmene chimamvekera.

“Chabwino. Nenani kaka.”

“Kaka.”

“Mwati kukwera. Tsopano kokani kumapeto: kakā.”

“Kaka.”

“Mwakweranso. Ndimafuna chinkhwe, mbalame ija. Tsopano kokani konse: kākā.”

“Kakaa.”

“Chimenecho ndiye chinkhwe chija. Ndimafuna chinyengo.”

“Ukundinamiza iwe. Onsewa ndi mawu amodzi.”

“Ndi mmene ndimamvera anuwa, mayi.”

Mayi Thelma anaika thaulo pamiyendo. Kenaka anati, “Nenanso. Pang'onopang'ono.” Anayeserera masana onsewo, ndipo sanakhoze.

Mayeso aja Kalo anakalemba kukoleji ya m'tauni, atakhala pakati pa atsikana a msinkhu wa Lose. Madzulo a sabata zimenezo Lose ndiye ankamufunsa mafunso patebulo la kukhitchini, ndipo pang'onopang'ono anayambanso kumuseka, zimene Kalo anazilandira ndi manja awiri. Ulendo woyamba analephera ndi pang'ono. Peni anati wolemba mafunso ndiye sadziwa Chingerezi. Ulendo wachiwiri anakhoza. Peni anawotcha nkhumba kuseri kwa nyumba n'kuitana tchalitchi chonse, ndipo mbale ina inapita kwa mayi Thelma, amene anadya kachikopa kokha n'kunena kuti mchere wachuluka.

Atabwerera ku ntchito yake, chinthu choyamba Kalo anakambirana ndi namwino za kam'bulu kaja. Anagwirizana kuti mayi Thelma akamwa, wosamalira azibwera yekha pakapita kanthawi, osadikira belu, ngati kuti wangodutsa. Mayiwo sanakanenso kam'buluko.

Anakhala choncho zaka zingapo. Kenaka mayi Thelma anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, ndipo pobwera kuchipatala mawu awo anali atasokonekera. Ankadziwa chimene akufuna, koma pakamwa pankatuluka china. Chipeso ankachiti Lachiwiri. Madzi ankawati zenera. Ankamva okha kuti alakwa, n'kumenya bedi ndi dzanja lamoyo lija, misozi ikutsika. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Adelaide, ndipo ndi chikondi chonse ankawakonza: “Ayi amayi, nenani chipeso. Chi-pe-so.” Mayiwo ankatembenukira kukhoma.

Kalo sanawakonze ngakhale kamodzi. Akati Lachiwiri, ankatenga chipeso.

“Lachiwiri lanu ili, mayi. Tipese chakumbuyo kapena cham'mbali?”

Anaphunzira mawu awo atsopano onse, n'kuphunzitsa anzake, mpaka Darren anadziwa kuti “nsapato” ndi tiyi wopanda shuga. Mawu akasintha, poti ankasintha, Kalo ankayang'ana kumene maso awo aloza. Tsiku lina akuwapukuta kumsana, mayi Thelma anamugwira mkono n'kumuyang'ana nthawi yaitali, akulimbana ndi lilime.

“Iwe,” anatero. “Iwe... buledi.”

“Zikomo, mayi,” anatero Kalo. Mpaka lero sadziwa chimene ankafuna kunena, koma mmene anamugwirira mkonowo sipanafunikenso kumasulira kwina.

Mayi Thelma anamwalira m'nyengo yozizira, masana, Kalo ali pa tchuthi. Pamaliro panabwera anthu ochepa: mwana wawo, adzukulu, ndi nkhalamba ziwiri za kunyuzipepala. Kalo anafika ndi amayi a kwaya yake, onse m'zakuda, atamanga mikeka m'chiuno monga amachitira kwawo pamaliro. Anapempha chilolezo kwa mwana wa malemuyo, naimba nyimbo imodzi m'Chitonga. Kachipinda kopemphererako kanachepa. Atamaliza, imodzi mwa nkhalamba zija inabwera kudzamugwira chanza.

“Thelma anandiliza kangapo ndili mnyamata,” inatero. “Inunso?”

“Kambirimbiri,” anatero Kalo.

Kalo akadali kunyumba ya okalamba ija. Tsitsi layamba imvi, mawondo akulirabe. Amalemba ndi zala ziwiri tsopano, ndipo akakayika amafunsa mokweza aliyense amene ali pafupi, kaya ndi namwino, kaya ndi wokolopa. Atsikana atsopano ochokera ku Nepal ndi ku Kiribati amakonda kukhala pambali pake poweruka, chifukwa pamenepo kufunsa si chinthu chochititsa manyazi.

M'chipinda chakumapeto chija munalowa bambo Carmelo, mlimi wa mphesa amene anabwera kuchokera ku Italy ali mnyamata. Ukalamba wawalanda Chingerezi chonse, chatsala ndi chilankhulo cha kumudzi kwawo. Sabata yoyamba sankadya, sankalola munthu kuwakhudza. Kalo anapempha Peni kuti amudulire nthambi ya mpesa kumunda, nabwera nayo m'mawa n'kuiika pabulangete. Bambowo anaitenga, naitembenuza, nayang'ana podulidwapo. Nkhope inakwinyika. Anayamba kukalipa m'chilankhulo chawo, akuloza ndi chala pamene mpeni unayenera kudutsa.

“Ndikawauza,” anatero Kalo. “Amuna angawo ndi aulesi, ndimawauza tsiku lililonse. Tsegulani pakamwa, bambo, phala likuzizira.”

Bambo Carmelo anatsegula pakamwa, akukalipabe.